Kuyeza okosijeni wochepetsetsa m'mafuta, m'pulasitiki ndi m'zinthu zina za kaboni: njira iti ikuyenera ntchito iti

Mwa zonse zimene labotale imayeza m'mafuta, m'pulasitiki, m'malasha kapena m'mankhwala, okosijeni ndiye amavuta koposa, ndipo chifukwa chake si chovuta kuchimvetsa. Kaboni ndi haidirojeni amapezeka powotcha sampulo mu okosijeni wambiri, kenako n'kuyeza kaboni dayokisaidi ndi madzi amene atuluka. Amene anakhazikitsa bwino njira imeneyi ndi Justus von Liebig mu 1831, ndipo Fritz Pregl anaikonza kuti izigwira ntchito ndi mamiligalamu ochepa chabe, zimene zinachititsa kuti alandire mphoto ya Nobel mu 1923. Koma kuwotcha koteroko sikungaulule okosijeni amene anali m'sampulo, chifukwa amasakanikirana ndi amene mwawotcherayo ndipo palibe angawalekanitsenso. Vutoli limakula pamene okosijeni wofunidwayo ndi wochepetsetsa, monga 0.1 peresenti kapena magawo ochepa pa miliyoni, amene amalembedwa mwachidule kuti ppm. Zikatero woyeza amafanana ndi munthu amene akuwerenga madontho a madzi m'chikho ataima pamvula, popeza mpweya womuzungulira, chinyontho cha m'manja mwake ndiponso chubu cha makina ake, zonsezi zili ndi okosijeni wochuluka kuposa amene akumufunafuna.

Komatu kuchepa kwakeko sikutanthauza kuti alibe mphamvu. M'mafakitale opanga mapulasitiki a polyethylene ndi polypropylene, ma catalyst (mankhwala ofulumizitsa kupangika kwa pulasitikiyo) a mtundu wa Ziegler–Natta amafooka akakumana ndi madzi, methanol kapena kaboni monokisaidi wa ma ppm ochepa okha. Mafuta opangidwa potenthetsa nkhuni ndi zotsalira za mbewu popanda mpweya amatuluka ali ndi okosijeni wokwana 35 mpaka 40 peresenti, ndipo ntchito yaikulu yowayenga ndi yochotsa okosijeniyo mpaka atatsala pang'ono kwambiri, choncho woyenga ayenera kudziwa pamene wafika. Pulasitiki ikamakalamba padzuwa, kapena oilo wa injini akamawonongeka ndi kutentha, chizindikiro choyamba ndi okosijeni amene wayamba kulowa m'mamolekyu ake.

Musanafunse za makina, yambani mwadzifunsa kuti okosijeni amene mukumufuna ndi uti. M'sampulo imodzi angakhalemo wa mitundu inayi: womangika m'mamolekyu a chinthucho, wa m'madzi amene chinthucho chayamwa, wa mumpweya umene wasungunukamo kapena wabisala m'timipata take, ndi wa m'miyala ndi dothi zimene zimatsala ngati phulusa. Kuchuluka kwa mitundu yosafunika, monga wa m'madzi ndi wa mumpweya, n'kodetsa nkhawa. Pa kulemera kwa madzi, 88.8 peresenti ndi okosijeni, kotero kuti chinyontho cha 100 ppm chimawonjezera okosijeni wa 89 ppm. Mafuta a ndege amene akhudzana ndi mpweya amasunga okosijeni wosungunuka pafupifupi 70 ppm. Kampweya ka ma microlitre 10 okha, kotsekeredwa pamodzi ndi sampulo, kali ndi okosijeni pafupifupi ma microgram 2.8 (ma microgram 1,000 amapanga miligalamu imodzi), pamene sampulo ya mamiligalamu 2 yokhala ndi okosijeni 0.1 peresenti ili ndi ma microgram 2 basi. Njira zina zimawerengera pamodzi mitundu yonse inayi, zina zimaona umodzi wokha, ndipo malabotale awiri akasiyana zotsatira, pamenepa ndi poyenera kuyamba kufufuza munthu asanaloze chala woyeza.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi yosamuyeza n'komwe okosijeniyo. Mumayeza kaboni, haidirojeni, naitirojeni, sulufule ndi phulusa, n'kuchotsera zonsezo pa 100, ndipo chotsalacho mumachitcha okosijeni. Umu ndi mmene zimachitikira pa malasha motsatira muyezo wa ASTM D3176 (ASTM ndi bungwe lolemba ndondomeko za kayezedwe), ndipo pa chinthu cha okosijeni wambiri, monga nkhuni zimene zili naye woposa 40 peresenti, yankho lake limakhala lokwanira. Pa okosijeni wochepetsetsa njirayi ndi yosathandiza, ndipo ndikunena zimenezi mosapita m'mbali. Kuphonya kulikonse kwa miyezo isanu ija kumakaunjikana pa chiwerengero chomalizacho. Magazini ambiri a sayansi amavomereza zotsatira za kaboni, haidirojeni ndi naitirojeni zikaphonya ndi 0.4 peresenti kapena kucheperapo, koma 0.4 peresenti ndi 4,000 ppm, kutanthauza kuti ngati sampulo ili ndi okosijeni wa 500 ppm, kuphonya kololedwa pa kaboni yekha n'kwakukulu maulendo 8 kuposa chimene mukufunacho. N'chifukwa chake nthawi zina masamuwo amatulutsa okosijeni wochepera pa ziro. Pa malasha palinso msampha wina, wakuti phulusa silifanana ndi miyala imene inali m'malashamo, chifukwa powotcha, pyrite (mwala wa chitsulo ndi sulufule) amatenga okosijeni mumpweya, miyala ya laimu imataya kaboni dayokisaidi, ndipo dothi limataya madzi.

Njira yoyeza mwachindunji imene malabotale ambiri amadalira ndi ya pyrolysis, kumene ndi kuphwanya mamolekyu ndi kutentha kwakukulu popanda mpweya wa okosijeni. Mu 1922 ter Meulen wa ku Delft anayamba ndi kudutsitsa nthunzi ya sampulo mu haidirojeni pamwamba pa nickel kuti okosijeni asanduke madzi, koma nickel ankafooka msanga ndi sulufule ndi chlorine. Imene inakhazikika ndi njira ya Schütze ya mu 1939, imene Unterzaucher anaikonza mu 1940. Sampulo ya mamiligalamu ochepa imatenthetsedwa mu chubu cha quartz mmene mukudutsa naitirojeni woyera, ndipo utsi wake umadutsa pa kaboni wotentha madigiri 1,120 a Celsius. Pa kutentha kumeneko okosijeni yense, kaya anatuluka m'sampulo ngati madzi kapena ngati kaboni dayokisaidi, amasanduka kaboni monokisaidi. Mpweya umenewu umadutsa pa iodine pentoxide, ndipo mamolekyu 5 aliwonse a kaboni monokisaidi amamasula molekyu imodzi ya ayodini. Ayodiniyo amachulukitsidwa maulendo 6 pogwiritsa ntchito bromine ndi potassium iodide, kenako n'kuyezedwa ndi thiosulfate. Nzeru yake ndi yosiririka, chifukwa kachiwerengero kakang'ono kankakulitsidwa ndi makemikolo okha, zida zamagetsi za masiku ano zisanabwere.

Chofooka chake chili mu chubu. Quartz ndi silicon dioxide, ndipo 53 peresenti ya kulemera kwake ndi okosijeni. Kaboni wotentha akakhudzana ndi quartz amayamba kulanda okosijeniyo pang'onopang'ono, motero makina amaonetsa kaboni monokisaidi ngakhale musanaikemo sampulo. Chiwerengero chopezeka popanda sampulochi akatswiri amachitcha blank, ndipo pa ntchito ya okosijeni wochepa blank ndiyo mwini nkhani. Mukatsitsa kutentha blank imachepa, koma kaboni dayokisaidi wina amadutsa asanasinthike. Mukakweza, yense amasinthika koma chubu chimadyeka. Mu 1954 Oita ndi Conway anapeza njira yapakati, yosakaniza kaboni ndi pulatinamu kuti ntchito yomweyo itheke pa madigiri 900.

Makina a masiku ano amayenda pa maziko omwewo, kungoti mpweya wonyamulira ndi helium ndipo ayodini analowedwa m'malo ndi zida zamagetsi. Pali magulu awiri oyenera kuwasiyanitsa pogula makina kapena potumiza sampulo kwina. Loyamba ndi la makina wamba oyezera kaboni, haidirojeni, naitirojeni ndi sulufule, amene amangosinthidwa chubu kuti ayeze okosijeni pa kaboni wokutidwa ndi nickel, pa madigiri pafupifupi 1,060. Lachiwiri ndi la ng'anjo zofika madigiri 1,400 kapena kupitirira, zimene mkati mwake muli chubu cha glassy carbon, mtundu wa kaboni wolimba umene ulibe okosijeni woti n'kutaya, kotero kuti utsi wa sampulo sukhudzana ndi quartz. Gulu lachiwirili n'lokwera mtengo, koma blank yake ndi yotsika, ndipo limamasula ngakhale okosijeni womangika mu sulfate ndi nitrate. Chida chowerengera nachonso chili ndi mbali yake. Chimene chimayeza mmene mpweya umatengera kutentha, chotchedwa TCD, sichisiyanitsa kaboni monokisaidi ndi naitirojeni, popeza mipweya iwiriyi imalemera mofanana ndipo katengedwe kake ka kutentha n'kofanananso, choncho iyenera kulekanitsidwa kaye mu column ya chromatography, chubu cholekanitsa mamolekyu mtundu ndi mtundu. Chida cha infrared sichiona naitirojeni n'komwe, ndipo pa sampulo ya naitirojeni wambiri ndi okosijeni wochepa, ndicho ine ndingasankhe.

Komabe makina abwino sapulumutsa sampulo yokonzedwa mosasamala. Sampulo imakulungidwa mu kapisozi wa siliva, ndipo makapisoziwo ayenera kuumitsidwa, kusungidwa pouma ndi kusagwiridwa ndi zala. Ufa ufinyidwe bwino kuti mpweya utuluke, zamadzimadzi zitsekedwe pamene helium kapena naitirojeni akuuzira kapena zibayidwe ndi jakisoni m'ng'anjo momwemo, ndipo kachipinda kamene masampulo amadikiriramo kazidutsa helium nthawi yonse. Palinso nkhani ya muyezo woyerekezera, imene imanyalanyazidwa kawirikawiri. Malabotale amagwiritsa ntchito benzoic acid, amene ali ndi okosijeni 26.2 peresenti, kapena acetanilide, amene ali naye 11.8 peresenti. Zimenezi n'zabwino pa masampulo a okosijeni wambiri, koma kuti mupeze ma microgram 2 a okosijeni kuchokera mu benzoic acid muyenera kuika pa sikelo ma microgram osakwana 8, kulemera kumene ngakhale sikelo yabwino ya m'labotale singakuyeze molondola. Amene amatchera makina ake ndi muyezo wa 26 peresenti kenako n'kulengeza kuti wapeza 0.05 peresenti akungoganiza kuti makinawo amayankha mofanana m'dera limene sanawayeseko. Chanzeru ndi kusungunula muyezowo m'mafuta oyera opanda okosijeni kuti ufanane ndi sampulo, kapena kuthira m'sampulo yeniyeniyo chinthu cha okosijeni wodziwika kuchuluka kwake n'kuona ngati makina akumubweza yense.

Zosokoneza za njirayi n'zodziwika bwino, ndipo zina zimakweza yankho pamene zina zimalitsitsa. Fluorine amasanduka hydrogen fluoride, amene amadya quartz n'kutulutsa madzi, motero pulasitiki ya fluorine imaoneka ngati ili ndi okosijeni amene ilibe. Phosphorus ndi zitsulo monga kashiamu, magnesium ndi aluminiyamu zimagwira okosijeni n'kukana kumumasula. Sulufule amatha kuthawa ndi okosijeni wina ngati carbonyl sulfide, ndipo m'njira yakale ija mipweya ya sulufule inkamasulanso ayodini ngati kuti ndi kaboni monokisaidi. Ngakhale zili choncho, pyrolysis ndiyo njira ya tsiku ndi tsiku, chifukwa imatha mphindi zochepa pa sampulo, imalandira zolimba ndi zamadzimadzi zomwe, ndipo ili ndi miyezo yovomerezeka monga ASTM D5622 ya petulo ndi mafuta a methanol. Mpaka cha pa 0.1 peresenti ndingaikhulupirire popanda mafunso ambiri. Kutsika pamenepo, ndingafune kuona ma blank angapo oyezedwa tsiku lomwelo ndi mmene akusiyanirana, chifukwa kusiyana kumeneko ndiko kumaika malire enieni a njirayi, osati chiwerengero cholembedwa m'kabuku ka wogulitsa makina.

Ena amafunsa za makina oyezera okosijeni m'zitsulo, amene amasungunula sampulo mu kapu ya graphite n'kufika pa ma ppm ochepa. Makina amenewo anapangidwira zitsulo ndi ceramic, ndipo mafuta kapena pulasitiki zimasanduka nthunzi ndi mwaye zisanakhudzane mokwanira ndi graphite, choncho kulondola kwawo pa zitsulo sikutanthauza kuti alondolanso pa zinthu za kaboni.

Yosiyana kotheratu ndi njira ya ma neutron (tizidutswa ta m'phata la atomu) othamanga kwambiri, imene siwotcha kapena kuphwanya sampulo. Makina ophatikiza deuterium ndi tritium, mitundu yolemera ya haidirojeni, amatulutsa ma neutron a mphamvu ya 14 MeV (MeV ndi muyezo wa mphamvu ya tizidutswa totere), ndipo neutron yotere ikagunda phata la atomu ya okosijeni-16 imalowa n'kukankhira kunja proton, atomuyo n'kusanduka naitirojeni-16. Naitirojeni ameneyu sakhalitsa. Theka lake limatha pa masekondi 7.13 aliwonse, pamene akubwerera kukhala okosijeni-16 ndi kutulutsa cheza cha gamma cha 6.13 MeV, chimene n'champhamvu kuposa cha maatomu ena ambiri ndipo n'chosavuta kuchizindikira. Chifukwa cha kufupika kwa nthawiyi, sampulo imathamangitsidwa m'paipi ndi mphamvu ya mpweya wa naitirojeni kuchoka pa makina a ma neutron kupita pa chida chowerengera, ndipo pakatha mphindi imodzi cheza cha naitirojeni-16 chimatsala chosakwana 1 peresenti, moti sampulo yomweyo ingayezedwe mobwerezabwereza. Ndondomeko yake inalembedwa mu ASTM E385.

Ma neutron salabadira kuti okosijeni wamangika ndi chiyani, kaya ndi phosphorus, chitsulo kapena kaboni, choncho vuto la kukana kumasuka lija kulibe. Ubwino wina, umene ine ndimauona kukhala waukulu koposa, ndi wakuti sampulo imakhala ya magalamu osati mamiligalamu. Magalamu 5 a mafuta okhala ndi 100 ppm ali ndi okosijeni wokwana ma microgram 500, pamene mamiligalamu 2 a mafuta omwewo ali ndi 0.2 chabe, ndipo sampulo yaikulu imaimira bwino chinthu chosasakanikirana mofanana monga malasha kapena phula. Zosokoneza zake zazikulu ndi fluorine, amene nayenso amasanduka naitirojeni-16, ndi boron, amene amasanduka beryllium-11 wa cheza champhamvu. Blank sinathe ngakhale pano, chifukwa kabotolo ka polyethylene konyamulira sampulo kali ndi okosijeni wake ndipo kayenera kudzazidwa pamalo opanda mpweya wamba. Choipa chake n'chakuti malo ochitira ntchitoyi ndi ochepa padziko lonse, amafuna chilolezo cha za nyukiliya ndi makoma oteteza anthu ku cheza, ndipo fakitale singayeze motere katundu wake wa tsiku lililonse. Njirayi ndi yothetsera mkangano pamene malabotale awiri atsutsana, kapena yotsimikizira kamodzi kuti makina anu a pyrolysis akunena zoona pa mtundu watsopano wa sampulo.

Pyrolysis ndi ma neutron zimapereka chiwerengero chimodzi, cha okosijeni yense, koma kawirikawiri chimene mwini fakitale akufuna si chimenecho. Iye amafuna kudziwa ngati chimene chikupha catalyst ndi methanol, acetone kapena dimethyl ether, chifukwa chilichonse chili ndi gwero lakelake ndi kachotsedwe kakekake. Apa gas chromatography ilibe inzake. Imalekanitsa mamolekyu mtundu ndi mtundu, ndipo okosijeni amawerengeredwa kuchokera pa kapangidwe ka mtundu uliwonse, monga ethanol amene ali naye 34.7 peresenti, methanol 49.9 ndi MTBE (mankhwala othira m'petulo) 18.2. Pa petulo pali muyezo wa ASTM D4815, ndiponso wa D5599 umene umagwiritsa ntchito chida chotchedwa O-FID. Chidachi chimaphwanya molekyu iliyonse yotuluka mu column n'kusandutsa okosijeni wake kaboni monokisaidi, kenako mpweyawo umasandutsidwa methane n'kuwerengedwa, kotero kuti mamolekyu opanda okosijeni, amene m'petulo alipo mitundu mazanamazana, saoneka. Pa ma ppm ochepa m'mipweya yopangira pulasitiki pali muyezo wa D7423, umene umadalira column yogwira mwamphamvu mamolekyu a okosijeni n'kulola ena onse kudutsa. Malire a chromatography ndi oonekeratu, chifukwa chimene sichisanduka nthunzi sichidutsa mu column. Pulasitiki, phula, malasha ndi mbali yolemera ya mafuta a nkhuni zimatsalira pakhomo, ndipo kuphatikiza zimene makina aona sikupereka okosijeni yense wa sampulo yoteroyo.

FTIR, njira yoona mmene sampulo imayamwira kuwala kwa infrared, ndi yachangu, siwononga sampulo, ndipo imathandiza kwambiri potsata kukalamba kwa polyethylene, polypropylene ndi oilo, popeza gulu la carbonyl (kaboni womangika kawiri ndi okosijeni) limaoneka pafupi ndi 1,715 cm⁻¹, pamalo pamene pulasitiki yatsopano ya mitundu imeneyi sionetsa kanthu. Imakuuzani kuti sampulo iyi yawonongeka kuposa iyo, koma sipereka maperesenti a okosijeni yense. Chimodzimodzinso miyezo ya titration (yothira mankhwala pang'onopang'ono n'kuwerengera amene alowa) monga acid number, peroxide value ndi hydroxyl value, imene uliwonse umaona gulu limodzi lokha. XPS, njira younika sampulo ndi cheza cha X-ray, imaona ma nanometre pafupifupi 10 okha a pamwamba, ndipo popeza chinthu chilichonse chimene chakhala pampweya chimakhala ndi okosijeni womatirira kunja kwake, yankho lake silinena za mkati.

Muyezo umodzi umene supikisana ndi miyezo ina ija, koma uyenera kuyenda nayo limodzi, ndi wa madzi umene Karl Fischer anaufalitsa mu 1935, ndipo mtundu wake wa coulometric, wowerengera ndi magetsi, umazindikira madzi ochepa mpaka cha pa ma microgram 10. Pa sampulo iliyonse yoyezedwa ndi pyrolysis kapena ma neutron, madzi ayezedwe pa gawo lina la sampulo yomweyo, tsiku lomwelo, kenako 88.8 peresenti ya madziwo ichotsedwe pa okosijeni yense. Kuumitsa sampulo mu uvuni m'malo moyeza madzi kuli ndi ngozi yake, chifukwa zinthu zina za okosijeni zimauluka pamodzi ndi madziwo, pamene malasha ndi pulasitiki zikatenthetsedwa pampweya zimayamwa okosijeni watsopano. Samalaninso ndi masampulo a ketone ndi aldehyde, amene akakumana ndi methanol wa m'mankhwala a Karl Fischer amapanga madzi amene munalibe. Pa amenewa pali mankhwala apadera opanda methanol.

Tiyerekeze kuti mwayenga mafuta a nkhuni ndipo mukuyembekezera kuti okosijeni watsala pafupifupi 0.3 peresenti. Ine ndingayambe ndi pyrolysis m'ng'anjo ya glassy carbon yokhala ndi chida cha infrared, muyezo wake wosungunulidwa m'mafuta ofanana nawo, Karl Fischer pambali pake, kenako chromatography kuti ndidziwe ngati otsalawo ndi ma phenol, amene amakonda kukanirira mpaka kumapeto kwa kuyenga. Ngati ndi propylene wopita ku fakitale ya pulasitiki, chiwerengero cha okosijeni yense chilibe ntchito, ndipo chromatography ndi muyezo wa madzi n'zokwanira. Pulasitiki ya fluorine ndiyo yovuta, chifukwa fluorine yemweyo amasokoneza pyrolysis ya quartz ndi ma neutron omwe, choncho ng'anjo yopanda quartz ndiyo poyambira. Pa mafuta olemera kapena sera woyembekezeka kukhala ndi 50 ppm, njira ya ma neutron ndiyo imalandira sampulo yokula mokwanira kuti yankho lidalirike. Lipoti likamalembedwa lizitchula njira, kulemera kwa sampulo, blank ndi mmene ikusinthasinthira, ndiponso ngati madzi ndi mpweya wosungunuka zachotsedwa. Ngati chiwerengero cha sampulo sichinapose blank ndi maulendo 3 a kusinthasinthako, lipotilo linene kuti okosijeni ndi wochepera pa malire a njirayo, ndipo malirewo alembedwe mu ppm.